Mafunso ndi Mayankho: Kodi Ofesi ya IT ya Yunivesite Ikukwaniritsa Zosowa za Dipatimenti Yanu?

Mayankho awa alembedwera akuluakulu a madipatimenti, alembi, oyang'anira malabu ndi aphunzitsi, anthu amene ntchito yawo imaima netiweki ikagwa kapena kompyuta ikakana kuyaka.

Kodi ofesi yaikulu ya IT, yoona za makompyuta ndi netiweki, imayenera kutichitira chiyani kwenikweni?

Ntchito yake ndi kusamalira zinthu zimene yunivesite yonse imagwiritsa ntchito mofanana: netiweki ya zingwe ndi Wi-Fi, imelo, maakaunti ndi mapasiwedi, malo osungira mafayilo, kaundula wa ophunzira, pulogalamu yophunzitsira monga Moodle, ndiponso chitetezo cha zonsezi. Pa zimenezi ofesi yaikulu imaposa dipatimenti iliyonse, chifukwa ili ndi anthu olandirana ntchito, chipinda chozizira bwino cha maseva (makompyuta aakulu otumikira ena onse) komanso magetsi apadera oyaka ena akazima.

Pamene pamatsala mpata ndi pa zinthu za dipatimenti imodzi yokha. Kompyuta yoyendetsa makina oyezera mu labu, pulogalamu imene akugwiritsa ntchito anthu 6 okha, deta ya kafukufuku yokula kuposa malo amene munthu mmodzi amapatsidwa: zoterezi sizikhala m'ndondomeko ya onse. Ambiri amafulumira kunena kuti a IT salabadira. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri vuto n'lakuti palibe amene analemba zosowa zapaderazo n'kugwirizana kuti mwini wake ndani. Chinthu chopanda mwini chimadziwika tsiku limene chawonongeka, ndipo tsiku limenelo mbali ziwiri zimangolozana zala.

Tingadziwe bwanji ngati tikuthandizidwa mokwanira?

Musayambe ndi msonkhano wa madandaulo. Yambani ndi matikiti. Pempho lililonse lopita ku help desk, malo a IT olandirira mapempho a thandizo, limalembedwa ngati tikiti yokhala ndi nambala, ndipo pulogalamu ya matikiti imasunga nthawi imene linalowa, imene linayankhidwa koyamba ndi imene linatsekedwa. Pemphani lipoti la matikiti onse a dipatimenti yanu a miyezi 12 yapitayi. Miyezi 3 siikwana, poti chaka cha yunivesite chili ndi nthawi zopanikiza ndi zina zopepuka.

M'lipotimo onani nthawi imene munthu amadikira yankho loyamba lochokera kwa munthu mnzake, osati uthenga wa makina wongonena kuti pempho lalandiridwa. Onaninso nthawi yofikira pamene vuto latheratu. Kenako werengani matikiti amene anatsekedwa n'kutsegulidwanso, chifukwa amenewo ndiwo amaulula ntchito yachigamba. Pomaliza funani vuto lobwerezabwereza: pulinta imodzi ikaoneka ka 15 m'chaka chimodzi, ndiye kuti sinakonzedwepo, amangoidzutsa.

Chenjerani ndi avareji. Tiyerekeze matikiti 10. Mwa amenewa 9 anatha m'maola 2 iliyonse, koma imodzi inatenga maola 400. Avareji ikhala pafupifupi maola 42, nambala imene sikufotokoza tikiti ngakhale imodzi. Mukatenga nambala ya pakatikati mupeza maola 2, ndipo imeneyi ikubisa tikiti imene inaimitsa labu masiku oposa 16. N'chifukwa chake timalangiza kuti mutenge matikiti 10 amene anachedwa kwambiri m'chakacho, muwawerenge imodziimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mudzaona pamene tikiti inagona, kwa ndani, ndiponso chimene ankadikira.

Pali chinanso chimene lipoti silingaonetse, ndicho anthu amene anatopa n'kusiya kupempha. Mphunzitsi amene akuphunzitsa ndi intaneti ya pafoni yake, kapena mlembi amene akusunga magiredi pa flash chifukwa malo osungira a onse amachedwa kutseguka, sapezeka m'lipoti lililonse. Afunseni anthu anu funso limodzi: "Ndi ntchito iti imene mukuichita m'njira yanuyanu chifukwa njira ya yunivesite inakukanikani?" Mayankho a funso limeneli amanena zambiri kuposa mafomu aatali ofunsa ngati munthu wakhutira.

A IT akuti netiweki inayenda 99 peresenti ya nthawi chaka chatha. Si bwino zimenezo?

Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho 99 peresenti ikusiya maola pafupifupi 88 opanda netiweki, omwe ndi masiku oposa 3 ndi theka. Pa 99.9 peresenti nthawi imeneyi imatsika kufika maola 8 ndi mphindi 46.

Funsani kuti anayezera pati. Seva ikhoza kumayenda bwinobwino m'chipinda chake pamene switch ya m'nyumba yanu, kabokosi kolumikiza zingwe za netiweki, yafa, ndipo m'buku lawo tsiku limenelo lilembedwa kuti zonse zinali bwino. Funsaninso ngati maola ozimitsa dala pokonza zinthu awerengedwa, chifukwa nthawi zambiri amachotsedwa. Chachikulu ndi nthawi imene maolawo anatayika. Maola 5 a usiku patchuthi savulaza munthu, koma mphindi 40 pakati pa mayeso a pa intaneti zimasokoneza kalasi yonse.

Kodi mgwirizano wolemba, umene a IT amautcha SLA, uzikhala ndi chiyani?

Masamba 2 akukwana. Lembani zipangizo ndi mapulogalamu onse amene dipatimenti singagwire ntchito popanda iwo, ndipo pambali pa chilichonse pakhale mwini wake: ofesi ya IT, dipatimenti, kapena kampani imene inagulitsa. Lembani udindo wa munthu osati dzina lake, poti anthu amasintha ntchito. Onjezani magulu a mavuto ndi nthawi ya yankho pa gulu lililonse, maola amene thandizo limapezeka, masiku a chenjezo asanazimitse chinthu, ndi amene mungamuimbire tikiti ikaima.

Mbali imene imaiwalika kwambiri ndi kalendala. A IT amadziwa kalendala ya yunivesite, koma sadziwa kuti ophunzira anu a chaka chomaliza amapereka ntchito zawo sabata iti, kapena kuti muli ndi makalasi a madzulo help desk itatseka kale. Apatseni masabata amene pasasinthidwe kanthu pa Moodle kapena m'malabu anu. Mgwirizanowu muziuwerenganso limodzi kamodzi pa semesita.

Tilembe bwanji tikiti kuti ithandizidwe msanga?

Alembe ndi amene waona vutolo ndi maso ake. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tikiti yongoti "intaneti sikugwira" imabwerera ndi mafunso, ndipo tsiku limatha mukungoyankhana. Muikemo izi:

1. Nyumba, nambala ya chipinda, ndi nambala yolembedwa pa kompyuta kapena pa soketi ya netiweki.
2. Chimene mumafuna kuchita ndi chimene chachitika m'malo mwake.
3. Uthenga wa pa sikirini monga mmene ulili, kapena chithunzi chake.
4. Nthawi imene vuto linayamba, ndi chimene chinasintha lisanayambe.
5. Anthu angati akhudzidwa, ndi ntchito imene yaima pamodzi ndi tsiku limene ikufunika.
6. Zimene mwayesa kale, ndi nthawi imene mupezeke m'chipindamo.

Vuto lililonse likhale ndi tikiti yake. Mukaphatikiza pulinta, pasiwedi ndi purojekita m'tikiti imodzi, chopepuka chikonzedwa ndipo tikiti itsekedwa. Ngati mwakumana ndi wa IT pakhonde n'kumuuza pakamwa, lembanibe tikiti. Zonena pakamwa sizilowa m'lipoti, ndipo pa tsiku lokambirana zidzakhala ngati sizinachitike. Pasiwedi yanu musailembe m'tikiti, ndipo wa IT weniweni sangakufunseni.

N'chifukwa chiyani vuto lathu lofulumira aliika m'gulu la zosafulumira?

Ma help desk ambiri amayang'ana zinthu 2: kuchuluka kwa anthu okhudzidwa, ndi kufulumira kwa ntchito imene yaima. Kompyuta imodzi ikafa imaoneka ngati vuto la munthu mmodzi. Wolandira tikiti sangadziwe kuti kompyuta imeneyo ndiyo imayendetsa makina amene ofufuza 20 akudikira, kapena kuti zinthu zoyezedwazo ziwonongeka pakapita maola 48. Nenani zimenezi m'chiganizo choyamba. Koposa apo, pemphani kuti makompyuta otere alembedwe m'kaundula wa IT ngati zipangizo zofunika kwambiri, vuto lisanabwere. Koma musalembe "mwachangu" pa tikiti iliyonse, chifukwa mawuwo amatha mphamvu.

Bwanji sakutilola kuika mapulogalamu tokha pa makompyuta athu?

Akaunti imene ili ndi mphamvu zoika mapulogalamu ikatsegula fayilo ya vairasi, vairasiyo imalandira mphamvu zomwezo. Chifukwa chake n'chomveka. Komabe lamulo lofanana kwa onse limapweteka madipatimenti amene ntchito yawo ndi kulemba ndi kuyesa mapulogalamu. Njira zapakati zilipo: mndandanda wa mapulogalamu ovomerezeka amene munthu angadziikire yekha, akaunti yachiwiri ya mphamvu yogwiritsa ntchito poika pulogalamu pokha, mphamvu za kanthawi zimene zimatha pakapita maola ochepa, kapena kompyuta yoyeserera yokhala mkati mwa ina, imene ikawonongeka imangofufutidwa. Pemphani imodzi mwa njira zimenezi moitchula, ndipo fotokozani ntchito yake. Pempho lotere limavomerezeka msanga kuposa loti "tipatseni mphamvu zonse".

Makina athu a mu labu amayenda ndi Windows yakale. A IT akufuna kuichotsa pa netiweki. Titani?

Apa mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta yosalandira zigamba zachitetezo, zokonza zimene Microsoft imatumiza kuti zitseke mipata yolowera vairasi, ndi khomo losatseka. Vairasi ya WannaCry mu Meyi 2017 inafalikira yokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina kudzera m'makompyuta a Windows amene sanalandire chigamba. Koma n'zoonanso kuti maikulosikopu kapena makina oyezera akhoza kugwira ntchito zaka zambiri kuposa kompyuta yake, ndipo pulogalamu yake mwina siiyenda pa Windows yatsopano. Kukweza n'kovutanso chifukwa Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe.

Chochita ndi kuipatula, osati kuitaya. Pemphani kuti aiike pa chigawo chakechake cha netiweki, chimene amachitcha VLAN, kumene ingalankhule ndi malo amodzi okha osungira zotsatira. Isatsegule intaneti kapena imelo, ndipo pasalowe flash ya aliyense. Kenako pangani kope la disiki yonse, osati mafayilo okha, kuti disiki ikafa muthe kubwezeretsa zonse pa ina. Sungani pamalo amodzi ma CD oikira pulogalamu, manambala a laisensi, ndi kachipangizo ka USB kotsegulira pulogalamu ngati kalipo. Ngati makinawo amalumikizidwa ndi khadi yapadera kapena doko lakale, sungani kompyuta ina yamtundu womwewo, chifukwa tsiku lofuna kugula simudzaipeza msanga.

Pogula makina atsopano, itanani a IT oda isanatuluke. Funsani wogulitsa kuti pulogalamu yake idzasamaliridwa mpaka chaka chiti, komanso ngati imalola zigamba za Windows ndi pulogalamu yoteteza ku vairasi.

Wi-Fi imagwira m'maofesi koma imakanika m'kalasi. Tingaike rauta yathu?

Ayi, ndipo tifotokoze chifukwa. Timizere tonse ta Wi-Fi tikhoza kudzaza pa foni koma intaneti osayenda, chifukwa vuto si mphamvu ya siginolo koma kuchulukana. Zipangizo zonse zolumikizidwa ku access point imodzi, kabokosi kotulutsa Wi-Fi, zimalandirana mpata wolankhula. Ophunzira 120, aliyense ali ndi foni ndi laputopu, ndi zipangizo 240, pamene okonza netiweki ambiri amawerengera zipangizo 25 mpaka 30 zogwira ntchito nthawi imodzi pa access point iliyonse. Pa 2.4 GHz pali matchanelo 3 okha osasokonezana, 1, 6 ndi 11, choncho rauta yanu idzangowonjezera phokoso. Choopsa china n'chakuti rauta yolumikizidwa molakwika imayamba kugawa maadiresi a IP akeake, manambala ozindikiritsa kompyuta iliyonse pa netiweki, ndipo makompyuta a nyumba yonse amalandira adiresi yolakwika n'kutaya netiweki.

Pemphani kuti abwere kudzayeza m'kalasimo muli anthu, osati muli mbee. Apatseni chiwerengero cha ophunzira ndi maola a makalasi. Kumbukirani kuti access point iliyonse yatsopano imafuna chingwe, ndipo chingwe cha Cat6 sichiyenera kupitirira mamita 100 kuchokera pa switch. Ngati kalasi ili kutali, ntchitoyo ikufuna kabati ina ya switch kapena chingwe cha faiba, ndiye iyenera kulowa mu bajeti. Kumene kuli eduroam, Wi-Fi imene mayunivesite ambiri amagwiritsa ntchito limodzi, ambiri olephera kulowa amakhala kuti alemba dzina lokha, osamaliza ndi @ ndi adiresi ya yunivesite yawo.

Mafayilo athu ali pa OneDrive kapena Google Drive. Ndiye kuti tili ndi backup, kope lapadera lobwezeretsera mafayilo akatayika?

Osati kwenikweni. Mapulogalamu amenewa amafananiza zimene zili pa kompyuta ndi zimene zili pa intaneti. Mukafufuta kuno, ukonso kumafufutika. Fayilo yofufutidwa imakhala m'bini masiku 30 pa Google Drive ndi masiku 93 pa OneDrive ya kuntchito kapena kusukulu, kenako imapita. Ofufuza nthawi zambiri amazindikira kuti foda yasowa patapita miyezi, polemba lipoti. RAID, njira yosungira deta pa madisiki angapo ogwira ntchito limodzi, nayonso si backup: imateteza disiki imodzi ikafa, koma singabweze chimene munthu wafufuta kapena vairasi yatseka.

Lamulo lodziwika ndi la 3-2-1: makope 3, pa mitundu 2 ya zosungira, limodzi likhale kwina kutali. Tikuwonjezera kuti kope limodzi lisamakhale lolumikizidwa ku netiweki nthawi zonse. Mu Disembala 2019 yunivesite ya Maastricht ku Netherlands inagwidwa ndi vairasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo, ndipo maseva ena a backup anatsekedwa nawo. Mu Disembala 2021 yunivesite ya Kyoto ku Japan inataya pafupifupi 77 TB ya deta ya kafukufuku chifukwa cha cholakwika m'pulogalamu ya backup yomweyo. Ngakhale malo okhala ndi akatswiri zimawachitikira.

Afunseni a IT mafunso awa, ndipo mayankho alembedwe. Ndi mafoda ati amene amalowa mu backup? Imachitika kangati, kutanthauza kuti tingataye ntchito ya maola angati? Amasunga kubwerera m'mbuyo masiku angati? Kubweza kumatenga nthawi yaitali bwanji? Kawirikawiri zosungidwa pa disiki ya kompyuta ya pa desiki sizilowa. Mukamva mayankho, yesani: kamodzi pa semesita sankhani foda imodzi, mupemphe kuti akubwezereni mmene inalili mwezi watha, muitsegule n'kuona ngati mafayilo akuwerengeka. Madzi akatayika saoleka, ndipo backup imene sinayesedwepo musaidalire.

Kusamutsa deta yaikulu kukutenga tsiku lonse. Vuto lili pati?

Werengerani kaye. Deta ya 1 TB imatenga maola oposa 22 pa liwiro la 100 Mbps, ndi maola 2 ndi mphindi zochepa pa 1 Gbps, zonse zikamayenda bwino. Onani liwiro limene kompyuta yanu ikuonetsa. Ikamanena 100 Mbps, kayikirani chingwe chakale kapena chothyoka mkati, doko la switch, kapena foni ya pa desiki imene chingwe chikudutsamo. Deta yaikulu musaisamutse pa Wi-Fi.

N'chifukwa chiyani pulogalamu imakana ophunzira ena pakati pa kalasi?

Laisensi ikhoza kukhala ya munthu, ya kompyuta, kapena ya chiwerengero cha ogwiritsa ntchito nthawi imodzi. Mtundu wachitatuwu ndi umene umadzidzimutsa. Ngati yunivesite ili ndi malaisensi 30 ndipo kalasi yanu ili ndi ophunzira 45, wa nambala 31 akanidwa. Dipatimenti ina ikakhala ndi kalasi ola lomwelo, mugawana 30 omwewo. Wina akasiya pulogalamu yotsegula mu ofesi, laisensi imodzi imakhala yomangika.

Funsani mtundu wa laisensi, chiwerengero, tsiku lothera, amene amalipira, ndiponso ngati imagwira kunja kwa yunivesite popanda VPN, njira yolowera pa netiweki ya yunivesite muli kutali. Pa maphunziro oyamba ganizirani R m'malo mwa SPSS kapena Stata, QGIS m'malo mwa ArcGIS, ndi GNU Octave m'malo mwa MATLAB, poti izi sizifuna laisensi yolipira. Sizifanana m'zonse, choncho asankhe ndi mphunzitsi wa phunzirolo. Mndandanda wa mapulogalamu a mu labu uperekedwe masabata 6 mpaka 8 semesita isanayambe, ndipo akaika muyese ndi akaunti ya wophunzira. Ya mphunzitsi imatsegula zinthu zimene ya wophunzira singatsegule.

Tikonzekere bwanji mayeso a pa intaneti?

Auzeni a IT tsiku, ola, chipinda ndi chiwerengero cha olemba kudakali masabata angapo. Seva imalemedwa kwambiri m'mphindi yoyamba pamene onse akutsegula mayeso nthawi imodzi, choncho lowetsani ophunzira m'magulu osiyana mphindi zochepa. Chitani mayeso oyeserera m'chipinda chomwecho, pa makompyuta omwewo, ndipo aliyense alowe mu akaunti yake sabata imodzi mayeso asanafike kuti oiwala pasiwedi adziwike. Ngati kulowa mu akaunti kumafuna nambala yobwera pa foni, pamene mafoni saloledwa m'chipinda cha mayeso, gwirizanani njira pasadakhale. Lembaninso chochita netiweki ikagwa: mudikira mphindi zingati, ndani awonjezera nthawi, ndipo ndani alamula kuti mayeso aimitsidwe.

Kodi si bwino kungokhala ndi seva yathu ndi katswiri wathu?

Kugula seva ndi mbali yopepuka. Ndani aziika zigamba mwezi ndi mwezi? Ndani ayang'anire katswiriyo ali patchuthi kapena atasiya ntchito? Mabatire a UPS, chipangizo chosunga magetsi kuti seva isazime, amafuna kusinthidwa pakapita zaka 3 mpaka 5, madisiki amafa, ndipo ndalama za kafukufuku zimene zinagula sevayo zimatha seva ikufunikabe. Maseva ambiri a m'madipatimenti amathera pansi pa desiki, pasiwedi yake ikudziwika ndi munthu mmodzi amene anachoka.

Katswiri wa dipatimenti amathandizadi kumene kuli malabu ambiri kapena kafukufuku wodalira makompyuta amphamvu. Ngakhale pamenepo, sevayo ikhale m'chipinda cha maseva cha yunivesite, kapena mupemphe gawo pa maseva awo loti muziliyendetsa nokha. Katswiriyo azigwiritsa ntchito pulogalamu ya matikiti yomweyo ndipo azikhala nawo pa misonkhano ya IT. Dipatimenti yaing'ono imangofunika munthu mmodzi wolumikizitsa mbali ziwirizi, wopatsidwa nthawi yochitira zimenezi m'ndondomeko ya ntchito yake.

Nanga aphunzitsi obwera kwa kanthawi ndi amene akuchoka?

Maakaunti nthawi zambiri amatseguka dzina likalowa m'kaundula wa antchito, choncho kuchedwa kumayambira ku mapepala, osati ku IT. Tumizani mayina msanga, ndipo musabwereke mlendo akaunti ya wina. Kwa ochoka, funsani kuti mafayilo awo amafufutidwa pakapita masiku angati, ndipo zonse za dipatimenti zisamutsidwire ku foda ya onse munthuyo asanatsanzike.

Tachita zonsezi koma palibe chikusintha. Tipite kuti?

Tsatani makwerero. Yambani ndi kuyankha pa tikiti yomweyo, osatsegula ina. Pakapanda kusintha, pitani kwa woyang'anira help desk ndi nambala ya tikiti, kenako kwa mkulu wa IT, ndipo pomaliza ku komiti imene imaona za IT kudzera mwa mkulu wa fakalite. Pitani ndi tsamba limodzi lokhala ndi mavuto 3 aakulu, manambala a matikiti, maola a maphunziro kapena a kafukufuku amene atayika, ndi chimene mukupempha pa vuto lililonse.

Siyanitsani mavuto a kagwiridwe ka ntchito ndi a ndalama. Tikiti yosayankhidwa ikhoza kukonzedwa sabata yomweyo. Switch yakale, ma access point owonjezera ndi makompyuta a mu labu opitirira zaka 5 zimadikira bajeti, ndipo mkulu wa IT sangazigule ndi mawu okha. Funsani mwezi umene ofesi yawo imapereka mapempho a bajeti, mutumize zosowa zanu molemba mwezi umenewo usanafike. Ngati dipatimenti ina m'nyumba yanu ili ndi vuto lomwelo, sainani kalata imodzi.